Opanga kanema apeza njira yoululira mbala yosasiya mapazi

MOATIZE: Mbala ikaba mbuzi imasiya mapazi ndipo mudzi wonse umaitsata. Koma ndalama ikatha mphamvu ili m'thumba la mwini wake, munthu amasowa koloza chala.

Izi n'zimene zinaoneka m'chaka cha 2016. Mu 2014 dola imodzi ya ku America inkasinthidwa ndi mametikali pafupifupi 30, koma pofika kumapeto kwa 2016 inali itapitirira 70. Pa msika wa Moatize ndi pa chipata cha Zóbuè mitengo ya sopo, mafuta ophikira ndi feteleza inakwera, chonsecho mlimi sanalakwire munthu.

Gwero lina lalikulu la mavutowa linali ngongole zobisika. Mu 2013 ndi 2014 makampani atatu a boma, EMATUM, ProIndicus ndi MAM, anakongola madola pafupifupi 2 biliyoni kudzera m'mabanki a Credit Suisse ndi VTB. Boma linalonjeza kudzabweza ngongolezo nyumba ya malamulo isanavomereze. Nkhaniyi itaululika mu Epulo 2016, bungwe la IMF ndi maiko othandiza anaimitsa thandizo lawo.

Kodi nkhani yodzaza ndi manambala chonchi mungaifotokoze bwanji kwa gogo wa ku Kambulatsitsi kuti aimve? Funso lomweli lavutitsa opanga mafilimu m'maiko ambiri, ndipo ena a iwo apeza yankho.

Nsomba ya dzana

Mu 2015 mkulu wina wa ku America, Adam McKay, anatulutsa filimu yotchedwa The Big Short. Filimuyi ikufotokoza za kugwa kwa mabanki a m'dzikolo mu 2008, pamene anthu miyandamiyanda analandidwa nyumba ndi kuchotsedwa ntchito.

Bambo McKay anadziwa kuti mau a kubanki amagonetsa tulo. Tsono m'malo moyala nkhani mwa ndondomeko, iwo anasakaniza nthabwala, chisoni, zithunzi za zochitika zenizeni ndi maphunziro. Nthawi zina wosewera amasiya sewero, n'kutembenuka kulankhula ndi oonera maso ndi maso. Pena amachita kuulula kuti zimene mwangoonazi sizinachitike chonchi ndendende.

Pa malo ena nkhani imaima kaye, ndipo pamatulukira katswiri wophika, malemu Anthony Bourdain, ali kukhitchini. Iye akuonetsa nsomba zogonetsa zimene zakanika kugulidwa, akuziduladula n'kuziponya mumphika wa msuzi kuti zigulitsidwe ngati ndiwo zatsopano. Umu ndi m'mene mabanki ankachitira: ankasonkhanitsa ngongole za anthu osatha kubweza, n'kuzipatsa dzina latsopano, n'kuzigulitsa ngati katundu wabwino. Mayi aliyense amene anagulapo usipa pa msika atha kumva fanizoli msanga kuposa buku la akadaulo.

Kusakaniza kotereku ophunzira amakutcha postmodern. Tanthauzo lake n'lakuti filimu siibisa kuti ndi filimu, ndiponso siikakamira mtundu umodzi wa kafotokozedwe.

Bwalo la milandu pakhomo

Ku Africa kuno amene anaigwiritsa bwino njirayi ndi Abderrahmane Sissako, m'filimu yake ya mu 2006 yotchedwa Bamako. Iye anaika bwalo la milandu pabwalo la nyumba ya bambo ake mumzinda wa Bamako, m'dziko la Mali. Oimbidwa mlandu ndi World Bank ndi IMF, ndipo odandaula ndi anthu a mu Africa.

Maloya a m'filimuyi ndi maloya enieni, ndipo mboni zambiri zikulankhula mau a kumtima kwao, osati oloweza. Mlandu uli m'kati, amai akunyika nsalu mu utoto, ena akutunga madzi, ukwati ukudutsa pakati pa bwalo. Mlimi wina wokalamba, m'malo mopereka umboni, akungoimba nyimbo ya maliro m'chinenero chake, ndipo palibe woimasulira. Komabe bwalo lonse likuti zii.

Pakatikati pa filimuyi pakulowa kafilimu kena ka akauboyi, m'mene muli Danny Glover. Anthu a mfuti akulowa mumzinda wa Timbuktu n'kumaombera anthu wamba, mphunzitsi ali m'gulu la ophedwawo. Poyamba munthu umaseka, kenaka umakumbukira m'mene maboma anauzidwira kuchepetsa ndalama za sukulu ndi zipatala kuti abweze ngongole. Achikulire a kuno akudziwa zimenezi, pakuti Mozambique inalowa m'ndondomeko yotereyi, ya PRE, mu 1987.

Filimuyi ikutha oweruza asanagamule. Chigamulo chasiyidwa m'manja mwa oonera.

Chodabwitsa n'chakuti patapita zaka 15 zofanana ndi zimenezi zinachitikadi. Mlandu wa ngongole zobisika unayamba mu Ogasiti 2021 m'chitenti chachikulu pabwalo la ndende ya BO, kufupi ndi Maputo, ndipo anthu ankautsatira pa wailesi ya kanema ngati sewero. Mu Disembala 2022 woweruza Efigénio Baptista anapeza anthu 11 mwa 19 olakwa. Nayo nduna yakale ya zachuma, a Manuel Chang, inapezeka yolakwa ku New York mu 2024. Akuluakulu sananame kuti mlandu suola.

Si zachilendo kwathu kuno

Mozambique nayo ili ndi katswiri wosakaniza zoona ndi sewero, Licínio Azevedo. Mu 1994 iye anajambula A Árvore dos Antepassados, yotsata banja lina pobwerera ku chigawo cha Tete kuchokera kothawa nkhondo ku Malawi. Mu 2016 anatulutsa Comboio de Sal e Açúcar, nkhani ya sitima ya pamtunda ya nthawi ya nkhondo, imene amai ankakwera atasenza mchere kuti akasinthe ndi shuga ku Malawi.

Ngakhale kumudzi lusoli lilipo kuyambira kale. Wokamba nthano amaima pakati n'kuyambitsa nyimbo, omvera n'kumavomera. Pabwalo la Gule Wamkulu zilombo zimaseketsa, kuopsa ndi kulangiza nthawi imodzi, ndipo zina monga Simoni zimanyogodola khalidwe la alendo. Anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa nawo amathira nthabwala zao pamwamba pa mau a azungu, mpaka filimu ya kutali imasanduka ya pakhomo.

Chimene chikusowa ndi filimu yofotokoza za chuma cha Moatize m'chinenero cha eni dera. Nkhani yake ilipo kale. Mu 2011 kampani ya Rio Tinto inalipira madola oposa 3 biliyoni ndi theka pogula kampani ya Riversdale, mwini mgodi wa malasha wa Benga. Mu 2014 inagulitsa migodi yake ya kuno pa madola 50 miliyoni okha. Kampani ya Vale inasamutsira mabanja oposa 700 ku Cateme, ndipo mu Januwale 2012 anthuwo anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka. Pofika 2022 Vale inali itagulitsa mgodi wake kwa kampani ya Vulcan n'kuchoka.

Masiku ano foni ya m'manja imatha kujambula kanema, ndipo magulu a zisudzo alipo m'sukulu ndi m'mipingo. Aphunzitsi, mafumu ndi achinyamata angayambe ndi funso limodzi pabwalo la mudzi: anakongola ndani, nanga akubweza ndani? Munthu amene wamvetsa m'mene ngongole ya dziko imalowera m'thumba lake savuta kufunsa phungu wake pa nthawi ya chisankho.