Makina Atsopano, Mabuku Akale: Nkhawa ya Makalaliki a ku Livingstone

MLIMI wogulitsa tomato ndi repu ku mahotela a ku Livingstone, kapena mmisiri wa kwa Mukuni wosiya zosemasema m'sitolo ya alendo, kawirikawiri salandira ndalama tsiku lomwelo. Amapatsidwa kapepala, nauzidwa kuti abwere mwezi ukatha. Ngongoleyo imalembedwa m'kompyuta ya kalaliki wa ndalama, m'pulogalamu imene mwina inagulidwa zaka 15 zapitazo. Pulogalamuyo ikakana kutseguka, munthu amabwerera kumudzi cimanjamanja, ndipo cimene cingamuikire umboni ndi kapepala kaja basi.

Makampani ambiri a m'Zambia amasunga mabuku ao a ndalama ndi mapulogalamu ogula, ndipo imodzi yodziwika kwambiri ndi Pastel, yocokera ku South Africa. Pulogalamu yotere siyenda yokha. Pansi pake pali ina, yonga nkhokwe yosungamo manambala onse, imene akatswiri amati database. Ya Pastel yakale dzina lake ndi Pervasive. Nkhokweyo imakhala m'kompyuta yaikulu ya mu ofesi, seva, mmene makompyuta enawo amatapamo. Zitatuzi zili ngati mafuwa: limodzi likasuntha, mphika umagwa.

Fuwa losunthasuntha ndi seva. Makina amakalamba ndi fumbi, kutentha ndi kuzimazima kwa magetsi. Nayo kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows XP mu Epulo 2014, Windows Server 2003 mu Julayi 2015, ndi Windows 7 mu Januwale 2020, kutanthauza kuti mipata yolowera mbala za pa intaneti sikutsekedwanso. Mwini kampani akagula makina atsopano amapezamo Windows ya lero. Mapulogalamu akale kwambiri, a mtundu wa 16-bit, sayenda n'komwe pa Windows ya 64-bit. Ena amatseguka bwino, koma akafuna kutapa m'nkhokwe amapeza citseko cotseka.

Wina angafunse kuti, bwanji osataya yakaleyo ndi kugula ina? Yankho ndi lakuti m'menemo ndimo muli mbiri yonse ya kampani: amene ali nayo ngongole, amene iyo inawakongola, malipiro a anchito ndi misonkho. Lamulo la msonkho limafuna kuti mabuku asungidwe zaka 6, ndipo a Zambia Revenue Authority akabwera kudzafufuza samva zakuti kompyuta inafa.

Makalaliki akhala akuyesedwa kale. Pa 16 Januwale 1968, pamene kwacha ndi ngwee zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi mashilingi, paundi imodzi inasanduka K2, ndipo nchito yonse inatha ndi colembera ndi lula. Koma pa 1 Januwale 2013, pamene Bank of Zambia inacotsa maziro atatu pa ndalama, mabuku ambiri anali atalowa kale m'makompyuta. K50,000 inakhala K50. Kugawa ndi 1,000 n'kosavuta kwa mwana wa sukulu, koma taonani cimene cimacitika m'mabuku. Ngongole ya K1,234,567 imakhala K1,234.567, ndipo popeza ngwee zimalembedwa ndi manambala awiri okha, imalembedwa K1,234.57. Kacidutswa kotsalako n'kocepa ngati njere ya mawere. Koma mizere yotere ikakhala zikwi, mbali ziwiri za buku zimaleka kufanana, ndipo kalaliki amagona mu ofesi kufunafuna ngwee zosowa. Ngwee nayo inali itatha nchito kwa zaka zambiri, kotero kuti pulogalamu imene inaikidwa kuti isaonetse ngwee inayenera kukonzedwanso. Mpaka pa 30 Juni 2013 mitengo inali kulembedwa pawiri, yakale ndi yatsopano, yatsopanoyo ndi cizindikilo ca KR.

Ku Livingstone mtolowo unalemera koposa. Mzindawu umadya za alendo obwera kudzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo mahotela anazolowera kuika mitengo m'madola. Mu 2012 Boma linaletsa mcitidwewu ndi lamulo la nambala 33, limene linadzacotsedwa mu 2014. Kenaka mu Ogasiti 2013 mzindawu, pamodzi ndi tauni ya Victoria Falls ya ku Zimbabwe, unalandira msonkhano waukulu wa bungwe la United Nations loona za alendo. M'zaka ziwiri zokha, pulogalamu imodzimodziyo inacoka ku dola kupita ku kwacha yakale, kenaka ku kwacha yatsopano, alendo ali pakhomo.

Lero akatswiri ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndiyo kumanga kompyuta yakale m'kati mwa yatsopano, cimene amati virtual machine. Pulogalamu yakale imakhala m'menemo ndi Windows yake yakale, osadziwa kuti nyumba inasintha. Njirayi ndi yochipa, koma imafuna kuti kacipindako kasalumikizidwe ku intaneti. Yaciwiri ndiyo kusamutsa manambala onse kupita ku pulogalamu ndi nkhokwe zatsopano. Apa anzeru sathamanga. Amayamba akopera mabuku onse pambali, nayesa ngati kopeyo itsegukadi. Pakuti kope yosayesedwa yanyenga ambiri, makamaka m'caka ca cilala ca 2024 pamene magetsi anali kuzima maola ambiri, nthawi zina kalaliki ali pakati polemba. Akatero amayendetsa zakale ndi zatsopano limodzi kwa mwezi umodzi kapena iwiri, kufikira ziwerengero zitagwirizana mpaka pa ngwee yotsiriza.

Njira yoyambayo tsopano yapanikizika. Kuyambira pa 1 Julayi 2024, Zambia Revenue Authority inalamula kuti olipira msonkho wa VAT azitulutsa mainvoisi kudzera mu Smart Invoice, imene imatumiza malonda ali onse ku ofesi ya msonkho pa intaneti. Pulogalamu yotsekeredwa m'kacipinda singathe kulankhula ndi ofesiyo. Kampani imene ikakamirabe pulogalamu yakale iyenera kulipira katswiri womanga ulalo pakati pa ziwirizi, apo ayi kalaliki wake azilemba malonda amodzimodziwo kawiri, tsiku ndi tsiku.