Bwanji amaphwetsa dala matayala akamalowa m'chipululu?

Kwathu kuno tayala likaphwa ndiye kuti ulendo wasokonekera. Koma ku Australia, madalaivala odutsa m'chipululu amaimitsa galimoto, kutsika, n'kuyamba kutulutsa okha mpweya m'matayala onse anayi. Munthu wosadziwa akhoza kunena kuti mitu yawo sikuyenda bwino, pamene iwo akudziwa chimene akuchita.

Msewu wotchuka pa zimenezi ndi Canning Stock Route, m'chigawo cha Western Australia. Umachokera ku Wiluna kumwera n'kukathera cha ku Halls Creek kumpoto, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,850. Kumeneko n'kuyala dziko lathu lonseli kawiri m'litali. Dzina loti msewu tangoupatsa ulemu, chifukwa phula palibe, ndi mikwasa iwiri ya matayala basi, yodutsa m'zipululu zitatu: Little Sandy, Gibson ndi Great Sandy. Panjira pali milu italiitali ya mchenga yoposa 900 yoti uikwere n'kutsika, ndipo ambiri amatha masabata awiri kapena atatu kuti amalize.

Tsono za matayala zija. Amene mumamvetsera ku Physics mukukumbuka kuti kulemera komweko kukagwera pa malo aang'ono kumaboola, kukagwera pa malo aakulu kumangokhala pamwamba. N'chifukwa chake nsapato ya gogoda imamira mumchenga pamene patapata samira, n'chifukwa chakenso ngamila ili ndi mapazi otambalala. Tayala lopopa kwambiri limagunda pansi ndi kachigawo kakang'ono, ndiye limakumba mchenga ngati khasu. Ukachotsako mpweya, mwina kuchoka pa 35 psi kufika cha m'ma 18 kapena 20, gawo logunda pansi limatalika, galimoto n'kumayenda pamwamba pa mchengawo. Koma pali mtengo wake. Tayala lophwa limatentha msanga ukathamangitsa, ndipo ukakhota mwadzidzidzi likhoza kuvuka pa limu. Ndiye amayenda pang'onopang'ono, akafika pouma amalipopanso ndi pampu yamagetsi yomwe amayenda nayo.

Nanga 4x4 imene timaiona italembedwa pa ambulansi za Land Cruiser zija ikutanthauza chiyani? Galimoto wamba injini yake imazunguza matayala awiri okha, enawo amangotsatira. Awiriwo akatitimira, nkhani yathera pomwepo. Ya 4x4 imagawa mphamvu ku matayala onse anayi. Ilinso ndi magiya ena apadera otchedwa low range, omwe amachepetsa liwiro koma kuwonjezera mphamvu yokoka, monga momwe wanjinga amasinthira giya akafika pachitunda. Komabe pali kachinyengo kamodzi kamene ambiri sakadziwa. Pakati pa matayala awiri pali chitsulo chimene amakaniko amati difu, ntchito yake ndi kulola tayala lakunja kuzungulira mofulumira pokhota. Pamchenga difu yomweyo imasanduka mdani: tayala limodzi likangolendewera m'malere, limangopukusa lokha, linzake lomwe lagwira pansi lili duu. N'chifukwa chake galimoto zina zili ndi loko wa difu, wokakamiza matayala onse awiri kuzungulira limodzi.

Pokwera mulu wa mchenga, liwiro liyenera kukhala lokwanira kukufikitsa pamwamba koma losakuulutsa, poti kuseri sukuonako, mwina kukubweranso mnzako. Ambiri amamangirira kambendera pa ndodo yaitali kutsogolo kwa galimoto kuti azionekera patali, komanso amachenjezana pa wailesi. Ukalephera kukwera suyenera kutembenuka pachitundapo, galimoto ingagubuduzike. Umabwerera chafutambuyo mowongoka n'kukayambiranso. Ukatitimira, kuponda moto kwambiri ndiye kudzikwirira. Umatenga fosholo basi.

Kwa ine, chovuta kwambiri paulendowu si kuyendetsa ayi, ndi masamu. Kuchoka ku Wiluna mpaka ku Kunawarritji, mudzi umene umagulitsa mafuta pafupi ndi chitsime cha nambala 33, pali makilomita pafupifupi 1,000, ndipo mumchenga injini imamwa dizilo kuposa pa phula. Ukanyamula mafuta ambiri ndi madzi ambiri, galimoto imalemera, kulemerako n'kumathyola masipuling'i ndi kukutitimiza. Ukanyamula zochepa, wadziika m'dzenje. Anthu amapitako m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka September, chifukwa nthawi yotentha kumapitirira madigiri 40. Amayenda galimoto zingapo pamodzi, ndipo lamulo lake ndi loti galimoto ikafa usaisiye n'kuyamba wapansi. Ili ndi mthunzi, ili ndi madzi ako, ndipo ofunafuna ali m'ndege amaona msanga galimoto kusiyana ndi munthu.

Njirayi sinapangidwire galimoto. Inali ya ng'ombe, zochokera ku Kimberley kupita kumigodi ya golide kumwera. Alfred Canning anaiyeza kuyambira mu 1906, ndipo pofika 1910 panali patakonzedwa malo 51 omwetsera ziweto, ambiri mwa iwo zitsime. Madziwo sanawatulukire yekha. Eni dzikolo, anthu a mtundu wa Aboriginal, ankadziwa kale pamene pali madzi, ndipo gulu la Canning linkagwira amuna ena n'kuwamanga maunyolo kuti awalondolere. Nkhaniyi inafika mpaka pa kafukufuku wa boma mu 1908, koma Canning sanapatsidwe chilango. Ng'ombe zomaliza zinadutsa mu 1959. Lero zitsime zambiri zinagumuka, zochepa zokha ndi zimene zinakonzedwanso, ndipo mbali yaikulu ya dera lomwe njirayi imadutsa inabwerera m'manja mwa eni ake, monga a Martu. Aliyense wofuna kudutsamo ndi 4x4 yake amayamba watenga chilolezo.