Ntchentche imene ana ake amadya kangaude

Ku Kawale, ku Biwi kapena ku Chinsapo, mwana aliyense amadziwa kuti ntchentche ikakodwa mu ukonde wa kangaude ndiye kuti zake zada. Koma pali banja lina la ntchentche limene limabwezera. Asayansi amalitcha Acroceridae, ndipo mphutsi zake zimakulira m'mimba mwa kangaude mpaka kumupha.

Maonekedwe ake ngoseketsa. Kamutu nkakang'ono zedi, pafupifupi konse ndi maso okhaokha, ndipo msana uli ndi linunda. Zina n'zazing'ono ngati njere ya mpunga, zina zimafika pa njuchi. Mitundu yodziwika padziko lonse ndi yopitirira pang'ono 500.

Yaikazi siyipita kukasaka kangaude ayi. Imangoikira mazira ambirimbiri, nthawi zina masauzande, pa tinthambi touma, pa udzu kapena pansi, basi n'kumapita. Kamphutsi kakaswa kamadzionera kokha. Kamakwawa, kena kamadumpha, mpaka katapeza kangaude, kenako n'kuboola khungu lake, kawirikawiri polumikizira mwendo. Kakalowa kamakakhazikika pafupi ndi mapapo ake kuti kazipuma, n'kukhala phee kwa miyezi. Mwa akangaude akuluakulu kamatha zaka. Kangaudeyo amangoyenda bwinobwino, kudya, kufundula, osadziwa kuti ali ndi lendi wosalipira. Nthawi ikakwana, mphutsi ija imamudya m'kati monse m'kanthawi kochepa, n'kutuluka kusiya chikhungwa chokha.

Ine chimene chimandikoka kwambiri si nkhanzazo, koma momwe tizilomboti tinapusitsira akatswiri. M'Chichewa tili ndi ntchentche, udzudzu, kashembe, ndipo zotsalazo timangoti kachilombo. Asayansi amagawa mozama: banja, timabanja tating'ono m'kati mwake, kenako mitundu. Dzina la banjali linachokera kwa William Elford Leach wa ku England mu 1815, ndipo kwa zaka zambiri linagawidwa patatu: Acrocerinae, Panopinae ndi Philopotinae. Ankayang'ana tinyanga, mitsempha ya m'mapiko ndi kapangidwe ka msana.

Vuto n'lakuti kufanana nkhope si chibale. Mu 2007 Shaun Winterton ndi anzake anayeza DNA, n'kupeza kuti Acrocerinae linali ngati thumba loponyamo chilichonse chosowa kwawo. Zimene zinali m'menemo sizinachokere kwa kholo limodzi. Mu 2019 Jessica Gillung ndi Winterton analigawanso banjali, timabanja tamoyo tinakhala tisanu. Pa titatu takale tija anawonjezapo Cyrtinae ndi Ogcodinae. Palinso Archocyrtinae, kamene kanatha kalekale ndipo timangokadziwa ndi zotsalira za m'miyala.

Mwina mukuti, ndiye tipindulanji ndi mayina olumitsa lilimewa? Kagawidwe kabwino kamalosera khalidwe. Mukadziwa kuti ntchentche ndi ya Panopinae, mwadziwiratu kuti ana ake amalowa mwa akangaude akuluakulu okhala m'mauna, a gulu la tarantula. Timabanja tinato timakonda akangaude wamba, monga odumpha aja timawaona pa khoma akuwothera dzuwa, ndi othamanga pansi amene amabalalika mukamasesa pabwalo. Ogcodes, gulu limene lili ndi mitundu yoposa 100, limapezeka m'makontinenti onse kupatula Antarctica, ndipo zambiri zikakula sizidya n'komwe, zimangokwerana, kuikira mazira n'kufa. Psilodera ya ku South Africa ndi yosiyana: ili ndi mlomo wautali woyamwira timadzi ta m'maluwa, ndipo potero imathandiza maluwawo kubereka.

Musazisokoneze ndi ntchentche ija imaikira mazira pa zovala zonyowa mphutsi zake n'kulowa pakhungu, imene amayi amatilimbikitsira kusita chilichonse, ndi kabudula yemwe. Iyo ndi Cordylobia anthropophaga, ya banja lina. Za akangaudezi siziluma munthu.

Sizioneka wamba, chifukwa moyo wake wambiri umathera m'kati mwa kangaude, ndipo ikakula imangokhala masiku owerengeka. Akatswiri ena amazipeza mwangozi, kangaude amene amamusunga m'botolo akafa n'kutulukamo mphutsi. N'chifukwa chake chithunzi chimodzi cha pafoni chili ndi ntchito. Mukaona kantchentche kalinunda, kouluka mwaulesi, katatera pa mpanda wa udzu ku Area 25 kapena pa chingwe choyanikira ku Mgona, musathamangire Doom. Kajambuleni cham'mbali kuti linunda ndi kamutu zioneke, kajambuleninso pamwamba kuti mitsempha ya mapiko ioneke, n'kuika pa iNaturalist pamodzi ndi malo komanso tsiku.