Anafa ndi ciani? Funso lofunika pambuyo pa maliro

Maliro akagwa pamudzi, tonse tidziwa zocita. Uthenga upita kwa a nyakwawa, azimai asonkha ufa ndi nkhuni, adzukulu akumba manda, ndipo a mpingo agona pamaliro ndi nyimbo mpaka mbandakuca. Koma mukafunsa kuti malemuwo anafa ndi ciani, yankho limakhala lakuti "anadwala cabe," "mutu," kapena "m'mimba." Nkhani ithera pomwepo, ndipo a Unduna wa za Umoyo ku Lusaka samva n'komwe kuti munthu wapita.

Vutoli n'lalikulu. Kafukufuku amene anacitika m'zigawo zinai za Zambia mu 2010 anapeza kuti pafupifupi theka la imfa zinacitikira panyumba. Wofera panyumba alibe dokotala womulembera cimene camupha. Tsono boma pogula mankhwala ndi potumiza anamwino, lingathe kuona okhawo amene anafera m'cipatala, ife a kumudzi osawerengedwa.

Pofuna kuthetsa vutoli, akatswiri anakonza njira yochedwa verbal autopsy, ndiye kuti kufufuza imfa mwa kufunsa pakamwa. Palibe kukumba manda kapena kung'amba mtembo. Maliro akatha ndipo misozi yauma pang'ono, munthu wophunzitsidwa bwino abwera pakhomo nakhala pansi ndi amene anadwazika malemuwo. Afunsa kuti: Kodi thupi linatentha masiku angati? Anakhosomola kwa nthawi yaitali bwanji? Anaonda? Miyendo inatupa? Ngati anali mai, kodi anali ndi pakati kapena anali atangobereka? Anataya magazi ambiri? Ngati linali khanda, kodi linalira pobadwa, nanga linali kuyamwa?

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa mafunso amenewa mu 2007, ndipo lawakonzanso kangapo, monga mu 2016 ndi mu 2022. Pali mafunso a makanda osakwana milungu inai, a ana, ndi a akuluakulu. Mayankho awerengedwa ndi madokotala, kapena ndi mapulogalamu a kompyuta monga InterVA ndi SmartVA, amene asonyeza matenda ogwirizana ndi zizindikirozo.

Kuno kwathu, ofesi ya Central Statistical Office inagwiritsa nchito njirayi pa kafukufuku wochedwa SAVVY kuyambira 2010 mpaka 2012, ndiponso mu 2015 ndi 2016. Pa kafukufuku woyambayo HIV ndi AIDS ndiyo inali patsogolo, ndipo malungo ndi ngozi nazo zinapha ambiri. Pa cipatala ca UTH ku Lusaka, njira yomweyi yagwiritsidwa nchito pa anthu amene amafika nawo atamwalira kale.

Alimi anzathu, tamvani za ku India. Kumeneko anafunsa mabanja ambirimbiri m'kafukufuku wochedwa Million Death Study, ndipo anapeza kuti mu 2005 anthu pafupifupi 46,000 anafa cifukwa columidwa ndi njoka, ambiri a iwo kumidzi. Mabuku a zipatala anali kusonyeza ciwerengero cocepa kwambiri, popeza ambiri mwa olumidwawo sanali kufera m'cipatala. Kukadapanda kufunsa, ndani akadadziwa kukula kwa vutolo?

Tisaiwale kuti njirayi ili ndi malire ake. Kutentha thupi kwa malungo kufanana ndi kwa matenda ena, ndiye pa munthu mmodzi yankho lingalakwike. Mphamvu yake ioneka pamene imfa zambiri zaikidwa pamodzi, ndipo boma lingaone kuti m'dera lakuti azimai akufa pobereka, m'dera lina ana akutha ndi cibayo. Si mlandu, ndipo ofunsawo sabwera kudzaloza munthu cala.

Apa ndiye pagona nkhani yathu. Kangati pamaliro timanong'onezana kuti "wamupha ndani?" m'malo mofunsa kuti "wafa ndi ciani?" Funso loyambalo lasamutsa agogo osalakwa m'midzi yao ndi kudanitsa abale. Laciwiri lingapulumutse otsala. Ngati bambo anafa ndi TB ife n'kumati analodzedwa, mkazi ndi ana amene anagona naye nyumba imodzi sadzapita kukapimitsa.

Cotero ofunsa akafika, tiwalandire ndi kuwapatsa mpando. Ayankhe ndi amene anadwazika, kawirikawiri mai, mkazi kapena mlongo, osati amalume amene anafika tsiku loika. Tisataye makadi a ku kiliniki, khadi la sikelo ya mwana ndi mapaketi a mankhwala, cifukwa zimathandiza. Tisabise matenda cifukwa ca manyazi. Ofunsawo alamulidwa kusunga cinsinsi. Ndipo imfa iliyonse, ngakhale ya khanda la tsiku limodzi, tikailembetse ku ofesi ya boma yolembetsa kubadwa ndi imfa, monga lamulo la dziko lathu linenera. Boma silingatumize mankhwala a matenda amene silinamvepo kuti akupha anthu kwathu.