Ndere za m'nyanja zimene zimaulula matenda

Dokotala akatenga magazi, mkodzo kapena chimbudzi cha wodwala n'kunena kuti zotsatira zituluka pakatha masiku awiri kapena atatu, ambiri amaganiza kuti a ku labotale akuzengereza. Ayi ndithu. Masiku amenewo amakhala akuweta tizilombo ta mabakiteriya kuti tichulukane mpaka tioneke ndi maso, ndipo amatiwetera pa utomoni wotchedwa agar.

Utomoniwu umachokera ku ndere zofiira za m'nyanja ya mchere, makamaka za mtundu wa Gelidium, zomwe zimamera pamiyala pamene mafunde amawomba mwamphamvu. Anthu a ku Japan ndiwo adayamba kuukonza m'zaka za m'ma 1600, ndipo kwa iwo udali chakudya basi. Amawiritsa nderezo, kusefa madzi ake, kuwaziziritsa kuti aundane, kenako n'kuumitsa. Lero agar amagulitsidwa ngati ufa, ndipo magalamu 15 okha amalimbitsa lita imodzi ya madzi.

Chodabwitsa chake chili pa kutentha. Agar sasungunuka mpaka kutentha kutafika madigiri pafupifupi 85, koma akazizira kufika cha m'ma 40 amagwirana ngati phala logona, ndipo amakhala choncho. Tizilombo toyambitsa matenda timakula bwino pa madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu. Gelatin, yemwe asayansi ankagwiritsa ntchito poyamba, pa kutentha kumeneko amasanduka madzi, komanso mabakiteriya ena amamudya. Koma agar, mabakiteriya ambiri samukhudza.

Nzeru yowetera tizilombo pa agar idachokera kukhitchini. Mu 1881, Fanny Hesse adaona mwamuna wake Walther, dokotala wa ku Germany, akuvutika ndi gelatin wosungunuka m'nyengo yotentha. Adamuuza za agar, yemwe iye ankaphikira zakudya ataphunzira kwa anansi ake omwe adakhalako ku Java. Walther adauza wasayansi Robert Koch, ndipo mu 1882 Koch adatchula agar m'zolemba zake za kachilombo ka TB. Dzina la mayiyo sadalilembe, ndipo mayiyo sadapezepo ngakhale khobidi. Kumeneko kudali kumulanda.

Kuyambira pamenepo ntchito yakhala yomweyo. Amathira agar wosakaniza ndi zakudya za tizilombo m'kambale, n'kupakapo zomwe atenga kwa wodwala. Pa mtundu wina wa agar, wotchedwa TCBS, tizilombo ta kolera timamera tachikasu. Akafuna kudziwa mankhwala amene angagwire ntchito, amaika timapepala tonyowetsedwa ndi mankhwala osiyanasiyana pakambalepo. Pamene tizilombo talephera kumera mozungulira kapepala, ndiye kuti mankhwalawo ali ndi mphamvu. Ngakhale Alexander Fleming adatulukira penisilini mu 1928 atayang'ana kambale kotere.

Vuto n'lakuti Gelidium ndi wovuta kulima. Amachita kukamuzula pansi pa nyanja, ndipo wambiri amachokera ku Morocco, cha ku El Jadida, komwe anthu amadumphira m'madzi kukathothola nderezi. Boma la Morocco litachepetsa zololedwa kugulitsa kunja pofuna kuti zisathe, mu 2015 agar adasowa ndipo mtengo wake udakwera m'malabotale a mayiko ambiri.

Tsono akakuuzani kuti mubwerenso mkuja kudzamva zotsatira, bwererani ndithu. Musayambe mwagula mankhwala opha mabakiteriya pagolosale, chifukwa mukamwa musanayezedwe, tizilombo timatha kukana kumera pakambale, dokotala n'kulephera kudziwa chomwe chikukudwalitsani.