Mphodza ya a Cajun: nkhani yagona pa ufa

Mlamu wanga amene amachita geni ya ku Lusaka anatulukira pakhomo Loweruka lina ndi jumbo yozizira. "Alamu, inu owerengawerenga, taphikani izi tione." Mkatimo munali tizilombo ta m'madzi topana ngati nkhanu, koma tathupi lalitali ndi mchira wopindika. Dzina lake ndi crayfish.

Asodzi a ku Kafue ndi Kariba safuna n'kutiona komwe. Mtundu umene uli kumeneko unachokera ku Australia, ndipo umadya nsomba zokodwa mu ukonde mwini wake asanavuule. Koma ku Louisiana, m'dziko la America, abale ake a tizilomboti ndi ndalama. Alimi amaweta m'minda ya mpunga, ndipo mu 1959 nyumba ya malamulo ya kumeneko inatcha tauni ya Breaux Bridge likulu la crayfish pa dziko lonse.

Akatswiri ophika ndi a Cajun, zidzukulu za anthu olankhula Chifalansa amene Angelezi anawapirikitsa ku Acadia, m'dziko la Canada, kuyambira mu 1755. Ambiri anakathera m'madambo a Louisiana, n'kumadya zimene dambo lawapatsa. Mphodza yawo yotchuka amaitcha étouffée, kutanthauza chinthu chovundikiridwa. Ndiyo ndinasankha kuphika.

Ine ndinkayesa kuti nkhani ndi tsabola basi. Ayi ndithu, nkhani ili pa ufa. Mumasungunula masupuni 4 a batala mu poto wokhuthala pansi, kuthiramo masupuni 4 a fulawa, n'kumatakasa osalekeza pa moto wochepa. Eni ake amati roux. Pakatha mphindi 10 kapena 15 ufa uja umasanduka mtundu wa chiponde, fungo lake ngati mtedza wokazinga. Ulendo woyamba ndinangotembenuka kuti ndikupize mbaula, pobwerera ndinapeza timadontho takuda. Zikatero palibe kuchitira mwina, abale, tayani muyambirenso, chifukwa kuwawa kwa ufa wopserera sikubisika ngakhale muthire tsabola wodzaza dzanja. Batala uja, pa mtengo wa masiku ano, anandipweteka mumtima.

Roux akapsa, thiranimo anyezi, girinipepa ndi celery zoduladula, kenaka adyo. Zikafewa onjezani pang'onopang'ono makapu awiri a msuzi wowiritsa makoko ndi mitu ya crayfish ija, mchere ndi tsabola. Iwo amathira cayenne, ine ndinaponyamo kambuzi mmodzi ndipo anakwana. Vundikirani zibwate mphindi 20.

Apa mpamene mayi a kunyumba analowerera: "Bambo, ndiwo yanji yopanda tomato?" Tinakangana pang'ono. Ophika ena, makamaka a ku New Orleans, amathira tomato, koma a Cajun ambiri sathira, ndipo ine ndili mbali yawo. Tomato amaphimba kafungo kamene mwakavutikira pa mbaula paja.

Nyama ya kumchira, theka la kilogalamu, imalowa komalizira, mphindi 5 zokha. Mukapitiriza imalimba ngati mphira. Pakulirani pa mpunga wa Kilombero.

Mlamu atanyambita mbale anayamba kuwerengera phindu, ati ulendo wina abwera nato tamoyo m'ndowa kuti aziweta m'damu la kumudzi. Ndinamukaniza kwamtuwagalu. Tizilomboti timayenda pamtunda usiku kufunafuna madzi ena, timaswana mwachangu, ndipo tikalowa mu mtsinje palibe angatitulutse. Damu lakelo lili pafupi ndi kamtsinje kothira mu Shire. Ndamuuza azibwera nato toumitsidwa mu firiji, batala ndigula ndine.