Zilembo za m'malire a Biriwiri zinachokera kutali

Pa Biriwiri m'boma la Ntcheu, pamene msewu wa M1 umayenda motsatira malire a Malawi ndi Mozambique, zikwangwani za kuno zimalembedwa m'Chichewa kapena m'Chingerezi, pamene za tsidya linalo zili m'Chipwitikizi. Komabe zonsezi n'zolembedwa ndi zilembo zofanana, zomwe gwero lake ndi mizinda ya amalonda ya Byblos, Tyre ndi Sidon, m'dziko lomwe lero ndi Lebanon.

Anthu a m'mizindayi, otchedwa Afoinike, pofika cha m'ma 1000 Yesu asanabadwe anali atakhazikitsa alifabeti, kutanthauza mndandanda wa zizindikiro zoimira maliwu, ya zilembo 22 zolembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Sanayambe okha nzeruyi, pakuti zolemba zakale kuposa zawo zinapezeka ku migodi ya Serabit el-Khadim ku Sinai, koma ndiwo anaifalitsa ndi zombo zawo zamalonda. Chilembo choyamba chinali chithunzi cha mutu wa ng'ombe, ndipo munthu akazondotsa A wamkulu, nyanga zake zimaonekabe.

Alifabetiyi inalibe zilembo za liwu, ndipo apa m'pamene pagona nkhani kwa wowerenga Chichewa, chinenero chomwe mawu ake onse amathera ndi a, e, i, o kapena u. Mwa kalembedwe ka Afoinike, phala, phula ndi phale akanalembedwa chimodzimodzi, owerenga n'kumangolota ngati wolembayo akunena chakudya, chopangidwa ndi njuchi kapena chokazingira chimanga. Agiriki ndiwo anakonza vutoli cha m'ma 800 Yesu asanabadwe, potenga zilembo zomwe sankazifuna n'kuzisandutsa za liwu. Kuchokera kwa iwo zilembozi zinapita kwa Aetrusika, kenako kwa Aroma.

Ku Ntcheu zinafika mochedwa, kudzera m'sukulu za mishoni monga ya Nzama, yomwe ansembe a Montfort anatsegula mu 1901. Malire a atsamunda anasiyanitsa ngakhale kalembedwe, moti tauni ya ku Mozambique yomwe Mngoni wa kuno amailemba kuti Ulongwe, pa mapu a Chipwitikizi ndi Ulónguè. Nazonso zilembo za Chiarabu zomwe ana amaphunzira ku madrasa ndi za mtundu womwewu, zinangodzera njira ya Chiaramu, ndipo zinasunga mwambo wakale woyambira kumanja.